Ukwati wa pabwalo mu Okutobala ku Santhe: tiphike zochuluka bwanji, nanga tikongoletse ndi chiyani?

Nabanda wa ku Santhe

Moni nonse. Ndili mu komiti ya ukwati wa mwana wa achimwene anga, ndipo mbali ya chakudya ndi zokongoletsa aisiya m'manja mwanga. Ukwati udzadalitsidwa kutchalitchi 9 koloko m'mawa, Loweruka lachiwiri la Okutobala, ndipo madyerero adzachitikira pakhomo, cha kuno ku Santhe. Makadi tasindikiza 300. Magetsi kulibe, madzi ndi a pamjigo, bwalo ndi lalikulu koma lamchenga, mthunzi ndi wa mitengo iwiri ya mango basi.

Ndithandizeni ndi manambala enieni. Mpunga, ufa, nkhuku ndi nyama tigule zochuluka bwanji? Thobwa tiyambe tsiku liti? Achinyamata a mu komiti akakamira tchipisi ndi saladi ya mayonezi, ati popanda zimenezo si ukwati. Za zokongoletsa, munthu wina wa ku Lilongwe watchula mtengo woti ungadye theka la ndalama zonse zomwe tasonkha. Kodi tingapange chiyani tokha ndi zinthu za konkuno, koma pooneka ndithu kuti pali ukwati?

Anaphiri Ophika, Kasungu boma

Anabanda, choyamba iwalani 300 ija. Ukwati wa pakhomo ulibe geti. Wa m'mudzi aliyense adzabwera, mwana wina kumbuyo wina kumanja, ndipo amene anakutungirani madzi simungamufunse khadi. Phikirani anthu 400. Zonse ndikulembazi ndi za mbale 400.

Mpunga kilogalamu imodzi umakwanira anthu 10 ngati ndiwo zilipo zokwanira ndipo ena akudya nsima. Ndiye kuti makilogalamu 40, koma gulani thumba la 50, chifukwa ophika, otunga madzi ndi alendo ogona nawonso adzadya. Wa Kilombero ndi wabwino, umanunkhira komanso umayoyoka, kungoti pamsika ena amausakaniza ndi wina. Gulani kaye kapu imodzi mukayese kuphika musanatenge thumba lonse. Kupeta ndi kusankha miyala kuthe Lachinayi. Ufa woyera ukhale makilogalamu 20 kapena 25, pakuti mafumu, agogo ndi amuna ambiri akadya mpunga amati sanadye.

Nkhuku yoyera yolemera kilogalamu imodzi ndi theka itasosoledwa imatulutsa nthuli 8 zooneka. Ena amadula 10, koma phiko lokha m'mbale ya mlendo ndi chipongwe. Ngati aliyense alandire nkhuku ndi ng'ombe yomwe, mukufunika nkhuku 50 ndi nyama makilogalamu 40, kuwerengera mafupa omwe. Ndalama zikachepa, munthu asankhe chimodzi: nkhuku 30 ndi nyama makilogalamu 30. Mbuzi yaikulu ikasendedwa imapereka nyama ya pakati pa makilogalamu 10 ndi 13, choncho imodzi musaiwerengere anthu opitirira 80. Onjezani nkhuku zachikuda zisanu kapena zisanu ndi imodzi za ankhoswe, abusa ndi mafumu. Zimenezi ziphikidwe mumphika wakewake, chifukwa zimafuna maola awiri kuti zifewe, pomwe zoyera zikawira nthawi yonseyo zimangophwasuka.

Zina zotsala: nyemba makilogalamu 15, kabichi mitu 25, matimati ndowa zitatu za malita 20, anyezi makilogalamu 15, mchere makilogalamu 4, mafuta malita 25, nkhuni ngolo ziwiri. Nkhunizo zikhale zouma. Zaziwisi zimalowetsa utsi mumpunga ndipo fungo lake silichoka.

Achinyamata a tchipisiwo apatseni masamu awa. Anthu 400 akufunika kachewere makilogalamu 80. Chiwaya chimodzi chimatenga makilogalamu anayi pa mphindi 15, ndiye kuti maola asanu munthu ali chiimire pamoto, kusenda ndi kudula tisanakuwerenge, mafuta ena malita 20 apite. Pomwe chomaliza chikupsa, choyamba chija chazizira kale ndipo chalobodoka. Akakakamirabe, kazingani cha anthu 40 a kutsogolo basi.

Pamene ambiri amagwa ndi pa mpunga. Poto mmodzi asapitirire makilogalamu 10, kaya ndi wamkulu bwanji. Mukathira thumba lonse muchimphika chimodzi, wapansi umapserera, wapakati umakhala phala, wapamwamba wosapsa, ndipo mukati mutakase kuti zifanane mumangouphwanya. Mapoto akhale anayi kapena asanu. Yezani ndi ndowa imodzimodziyo: ndowa imodzi ya mpunga wotsuka, madzi ndowa imodzi ndi theka. Madzi awire kaye ndi mchere ndi mafuta pang'ono, thirani mpunga, takasani kamodzi kokha. Madzi akatsika kufika pamwamba pa mpunga ndipo tayamba kuoneka timauna, sololani nkhuni zonse musiye makala okha, vindikirani, ena mwa makalawo muike pachivindikiro. Pakatha mphindi 20 kapena 25 wapsa. Osavundukulavundukula, chifukwa nthunzi ndi imene ikuphika.

Ngati kudya ndi 1 koloko masana, werengani chobwerera m'mbuyo. Nyemba zinyikidwe Lachisanu usiku, zikhale pamoto 5 koloko m'mawa. Kupha nkhuku kuyambe cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Ng'ombe kapena mbuzi ikhale pamoto 6 koloko, chifukwa imafuna maola awiri kapena atatu. Nkhuku muziwiritse pang'ono ndi mchere, anyezi ndi adyo, kukazinga kuyambe 9 koloko, ndipo msuzi wake musataye, ndi womwe mupangire supu ya matimati. Mpunga ukwere pamoto cha m'ma 11, masamba hafu pasiti 11, nsima pomalizira penipeni, anthu atayamba kale kusamba m'manja.

Pogawa, mzere umodzi wa anthu 400 umatha maola awiri, ndipo akumapeto amapeza msuzi wokha. Konzani malo anayi ogawira, lirilonse anthu anayi: wa mpunga ndi nsima, wa nyemba, wa masamba, wa nyama kumapeto. Munthu asadzigawire yekha. Pa nyama ikanipo mayi wopanda manyazi, amene angakanize ngakhale mlamu wake. Nyamayo musaitulutse yonse: gawani magawo asanu, anayi apite kumizere, limodzi litsale m'nyumba lodikira operekeza akwati ndi ochedwa kujambulitsa. Ana akhale ndi mzere wawo kuseri. Ankhoswe, mafumu ndi abusa sayima pamzere, amapatsidwa pomwe akhala, ndipo atsikana owaperekerawo musankhiretu Lachisanu. Mbale zikapezeka 250 zokha zikwana, bola pakhale anthu asanu otsuka ndi mabafa atatu: la sopo, lotsukuluza, ndi lomaliza la madzi otentha.

Phiri wa Matenti

Mayi Nabanda, musanaganize za maluwa, ganizirani mphepo. Nsalu yokongola bwanji ilibe ntchito tenti ikagwera anthu.

Tenti ya mamita 6 kwa 12 imalowa mipando 100 yoikidwa m'mizere popanda matebulo. Mukaikamo matebulo imatsika kufika pa 60. Ndiye mukufunika matenti atatu ndi kena kakang'ono ka akwati. Otsalawo akhala pamphasa pansi pa mango. Matentiwo azungulire mbali zitatu, pakati pasiyidwe bwalo la mamita 8 kapena 10 la perekani-perekani. Likachepa, ovina amakagundana ndi tebulo la keke.

Mu Okutobala kuno dzuwa limakhala paliwombo masana, kenako limatsikira kumadzulo nthawi yomweyo mwambo uli pachimake. Akwati akayang'ana kumadzulo, kuyambira 3 koloko akhala akutsinzina ndi kutuluka thukuta. Akafulatira kumadzulo, zithunzi zonse nkhope zida. Ayang'ane kumpoto kapena kumwera.

Dothi la mchenga silisunga zikhomo zazifupi zimene zimabwera ndi matenti ambiri. Funsiranitu zikhomo zachitsulo za masentimita 80 kufika mita imodzi. Zikasowa, dulitsani zitsulo zomangira nyumba za mamilimita 16. Chikhomo chikhomedwe mita imodzi ndi theka kuchokera pamzati, chopendekera kunja, mutu wake kuthawa tenti. Pangodya iliyonse zikhale ziwiri. Pamene mchenga wachita kunyanya, kumbani theka la mita, goneketsani chipika chomangirira chingwe, kwirirani, thirani madzi ndi kutsendera. M'mbali mwa tenti musatseke. Kamvuluvulu akadutsa, ndipo miyezi ino amakonda masana, tenti yotseka mbali zitatu imatola mphepo yonse n'kunyamuka, kuonjezera apo mkati mumatentha zedi. Matenti adzutsidwe Lachisanu, zingwe zikungidwenso Loweruka m'mawa chifukwa usiku zimakhwepa.

Kuti mudziwe koika khitchini, mangani kansalu pamtengo wautali pabwalopo masiku atatu ukwati usanafike, muzikaona kuyambira 1 mpaka 4 koloko. Komwe kakulozako ndi komwe utsi udzapite, ndiye mafuwa, jenereta ndi zimbudzi zikhale mbali imeneyo, mamita 20 kapena kupitirira kuchokera pamatenti. Chimbudzi cha pakhomo chimodzi sichikwana. Kumbani china chongoyembekezera, amuna kwawo akazi kwawo.

Fumbi: sesani Lachinayi, thirani madzi ambiri Lachisanu madzulo, muthirenso Loweruka cha m'ma 11. Kuwaza pang'ono ndi manja n'kungotaya madzi, amauma musanamalize. Migolo iwiri kapena itatu ipite pa ntchito imeneyi yokha. Pabwalo lovinira yalani matenti oyanikapo chimanga aja, otsuka bwino, okhomerera m'mphepete monse kuti asakole miyendo.

Jenereta funsani DJ kuti zida zake zimafuna yamphamvu bwanji, ndipo aiyese yekha Lachisanu zokuzira mawu zonse zili zolumikiza. Ya 5 kVA muiwerengere petulo malita awiri pa ola. Musalumikizepo firiji, ketulo kapena simbi, chifukwa zikayaka magetsi amatsika ndipo zida za nyimbo zimazima kapena kupsa. Isaikidwe m'nyumba, ngakhale muope akuba, utsi wake umapha mwakachetechete. Pothira mafuta izimitsidwe izizire kaye. Waya akwiriridwe mumchenga, koma polumikizira pakhale poonekera ndi pouma.

Pa perekani-perekani gwiritsani ntchito madengu akuya. Lichero ndi losaya, mphepo ikangowomba ma K200 amakatoledwa kumunda. Tebulo la owerenga ndalama likhale mkati mwa tenti, kumbuyo kwake kusadutse munthu, owerenga akhale atatu ochokera mbali zonse ziwiri za banja. Ndalama zing'onozing'ono zosinthira anthu kazitengeni kubanki pa Kasungu boma mkati mwa sabata, ndipo nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba zilembedwe pabolodi ndi zilembo zoti munthu wa mzere womaliza awerenge.

Namwale Zokongoletsa

Anabanda, cholakwika chachikulu ndi kufuna kukongoletsa paliponse. Ndalama zimamwazika, nsalu imachepa, ndipo paliponse pamaoneka poperewera. Maso a anthu ndi kamera zimapita malo atatu: kumbuyo kwa akwati, polowera ndi kanjira kake, ndi tebulo la keke. Mphamvu zonse ziikeni pamenepo. Matenti a alendo angokhala aukhondo.

Yambani ndi chitenje cha ukwati chimene abale asokere zovala. Mutengemo mitundu iwiri yokha, muonjezere woyera kapena wa kirimu. Mitundu ikafika isanu, diresi la mkwatibwi limasowa pakati pake.

Kumbuyo kwa akwati mangani chimango cha nsungwi kapena bulugamu, mamita 4 m'litali, mamita awiri ndi theka kupita m'mwamba, mizati yolowa pansi theka la mita ndi yochirikiza kumbuyo. Pachimangopo mangirirani mphasa zatsopano ndi waya wopyapyala. Mphasa imatchinga mphepo ndi dzuwa, ndipo mtundu wa bango umatuluka bwino pachithunzi. Mukafuna kuphimba ponse ndi nsalu yamakwinya, dziwani kuti makwinya amadya nsalu kawiri ndi theka: mamita 4 akufuna mamita 10 m'lifupi. Nsalu ya mita imodzi ndi theka m'lifupi ndiye kuti zidutswa 7, chilichonse mamita 2.7, zonse pamodzi pafupifupi mamita 19. Njira yotchipa, imenenso ine ndimaiona yokongola kuposa, ndi kusiya mphasa ionekere pakati, nsalu ikhale m'mbali mokha, zidutswa ziwiri uku ziwiri uku. Mamita 11 akwana. Kunsi kwa nsalu pindani mpendero mulowetsemo nsungwi, kapena muimangirire kumtengo wopingasa pansi. Yongolendewera imakupiza ndipo imakakhudza keke. Gwiritsani mapini otseka ndi ulusi. Selotepi imamatuka ikatenthedwa.

Pamphasapo ikani malichero 11 kapena 13 a misinkhu yosiyana. Musawandandike mofanana. Aunjikane pangodya imodzi yakumwamba, ena okhudzana, kenako azitsika chopendekera n'kumachepa, pomwe padzakhale mitu ya akwati pasiyidwe poyera. Atatu kapena anayi muwamate mkati ndi chitenje chija chodula mozungulira, ndi guluu wa matabwa. Ena amapaka vanishi kuti awale. Mukatero pakani sabata imodzi ukwati usanafike kuti fungo lithe, koma dziwani kuti lichero lopaka vanishi silipetanso ufa. Osapakawo mungawapatse akwati akayambire banja.

Nsalu zopingasa pamatebulo dulani kuchitenje chomwecho. Chitenje chathunthu cha mayadi 6 ndi pafupifupi mamita 5.5 m'litali ndi masentimita 115 m'lifupi. Dulani pakati, theka lirilonse mulidule mizere itatu: mupeza nsalu zisanu ndi imodzi za mamita 2.7, zokwana matebulo a mita 1.8 n'kulendewera bwino mbali zonse. Telala apinde m'mphepete. Mipando yovekedwa ikhale 30 kapena 40 ya kutsogolo yokha. Inayo itsukidwe ndi sopo, ndipo muisanje potsata mtundu, yoyera kutsogolo, ya mitundu ina tenti yakeyake. Zovala za mipando zobwereka muziwerenge polandira ndi pobweza, mwini wake ali pomwepo.

Maluwa a rozi ochokera ku Lilongwe pofika 2 koloko amakhala atazyolika, choncho akhale a m'manja mwa mkwatibwi basi. Bogenivila ndi amene akuchita maluwa nyengo ino, ndipo amapezeka m'mipanda ya anthu. Dulani m'bandakucha wa Loweruka, nthambi zazifupi, sadzulani masamba akunsi ndi minga, ng'ambani pang'ono tsinde, nyikani mundowa pamthunzi mpaka 11 koloko. Nthambi zazitali zopanda madzi zimayoyoka ola limodzi lisanathe. Poika patebulo, botolo la madzi libisidwe mkati mwa kamphika kadothi, mozungulira muthire mchenga kuti kasagwe ndi mphepo. Madzi musathire mumphika mwenimwenimo, dothi limadontha ndipo limasiya chizindikiro pansalu yoyera. Zobiriwira tengani masamba a mango okhwima, akuda bii aja, amapirira tsiku lonse. Anthete ofiirira amafota nthawi yomweyo. Muwakutumule ndi kuwatsuka, amakhala ndi nyerere.

Polowera pindani nsungwi ziwiri zaziwisi zikumane pamwamba, muziveke masamba a kanjedza ndi bogenivila pang'ono mbali imodzi. M'munsi mwake mungaike mtondo ndi munsi, mtsuko, ngala za mapira, kaya dengu la mtedza wosasenda. Sankhani ziwiri kapena zitatu. Mukaika zonse paoneka ngati pachionetsero cha zaulimi, komanso zambiri mwa izi malo ake enieni ndi pachinkhoswe. Kanjira ka akwati kakhale mita imodzi ndi theka m'lifupi, pansi potsendera ndi madzi, pamwamba mikeka kapena kapeti yokhomerera ndi waya wopinda. Pamchenga wosatsendera nsapato za gogoda zimamira, ndipo sitepe yonse imene operekeza akhala akuphunzira imasokonekera.

Zibaluni padzuwa la Okutobala zimaphulika, zakuda ndi zofiira poyamba. Ngati ana akuzifuna, zikhale zoyera, zosapopa kwambiri, zopopa m'mawa womwewo ndi zomangidwa mkati mwa tenti. Makandulo asiyeni.

Agogo Nambewe, Chinkhoma

Mwana wanga, za thobwa sanakuyankheni. Kapu imodzi ndi pafupifupi mamililita 300, anthu 400 ndiye malita 120, koma kukatentha munthu amabwereza. Konzani mgolo wathunthu, malita 200. Pa malita 20 alionse a madzi: mgaiwa makilogalamu awiri, chimera cha mawere theka la kilogalamu kapena kupitirirako pang'ono, shuga kilogalamu imodzi. Mgolo wonse ndiye mgaiwa 20, chimera 6, shuga 10. Ngati chimera mukupanga nokha yambani kutatsala masabata awiri: kunyika tsiku limodzi, kufunditsa m'thumba lonyowa masiku atatu kapena anayi mpaka chimere, kuyanika mpaka chiume gwa, kenako kuchigayo. Chosauma bwino chimachita chuku ndipo thobwa limanunkha.

Phala liphikidwe Lachinayi masana, lipse ndithu. Ligaweni m'ziwiya zingapo kuti lizizire msanga. Chimera chithiridwe phala lili lofunda koma losawotcha mukadonthezera pankhonya. Likakhala lotentha kwambiri limapha mphamvu ya chimera, ndipo limangokhala phala lolimba losatsekemera. Likazizira kwambiri limachedwa kusungunuka n'kuyamba kusasa. Takasani, vindikirani, ligone. Lachisanu m'mawa mulipeza lapyapyala ndi lotsekemera lokha. Liwiritseninso mpaka libwate, mukutakasa pansi kuti lisapserere, kenako lizizire pamthunzi lophimbidwa ndi nsalu yoyera. Shuga athiridwe Loweruka m'mawa. Mukathira Lachisanu, kapena mukayamba kuphika Lachitatu, pofika nthawi ya madyerero likhala litayamba thovu, ndipo abusa akalawa adzafunsa mafunso. Musalitsekere m'zigubu zothina, zimafufuma.

Kuno kwathu kwa fodya samalani ndi migolo ndi ndowa zobwereka. Chiwiya chimene chinasungapo mankhwala a kumunda, a kunazale kapena dizilo chisayandikire chakudya, ngakhale achitsuke kangati. Potunga pakhale chikho chimodzi cha mpini wautali ndi munthu mmodzi wothirira anthu. Makapu omwera asamizidwe mumgolo.

Anaphiri ndikugwirizana nawo pa manambala, koma pa nkhuku ndionjezepo. Nkhuku yophedwa 3 koloko n'kudikira mpaka 8 kapena 9 m'bafa, kutentha kumeneku, yayamba kale kuonongeka. Iphani khumikhumi: gulu loyamba likasosoledwa ndi kudulidwa lipite pamoto pomwepo, lachiwiri likuphedwa. Pakufunika manja a anthu khumi. Mipeni, mabafa ndi matebulo a nyama yaiwisi zisakhudze matimati ndi kabichi. Pakakhala alendo achisilamu, pemphani Msilamu kuti azinge nkhuku ndi mbuzi, ndipo nkhumba isapezeke pamphika uliwonse, pakuti a Seventh Day nawonso sadya. Ng'ombe ikaphedwa pakhomo, mlangizi wa ziweto aione kaye.

Saladi ya mayonezi popanda firiji ndi yotsekula anthu m'mimba. Pangani kachumbali: matimati, anyezi, kabichi wodula mopyapyala, mandimu, mchere, zotsuka ndi madzi otetezedwa ndi zodula kutatsala ola limodzi. Ndiwo zotendera nazo zimasasa msanga, ziphikidwe kumapeto, ndipo mtedza wa nsinjiro usankhidwe, wachuku ndi wofota utayidwe. Mpunga wopsa usakhale wofunda chabe kupitirira maola awiri. Muli tizilombo tina timene sitifa pophika, mpunga ukayamba kuzizira timachulukana n'kusiya poizoni amene satha ngakhale mutenthetsenso. Mwambo ukachedwa, mapoto akhalebe pamakala, ovindikira.

Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, choncho beseni limodzi losambamo anthu onse m'manja lisaonekenso. Ikani ndowa za mpopi zisanu ndi imodzi, sopo pambali, beseni pansi lolandira madzi akuda. Madzi akumwa thirani WaterGuard, mankhwala ophera tizilombo m'madzi, kachivindikiro kamodzi pa malita 20, adikire mphindi 30. Akumwa okha werengerani lita imodzi pa munthu, migolo iwiri. Ophikira, otsukira mbale ndi osamba m'manja migolo ina isanu. Ngolo iyambe kutunga Lachinayi, chifukwa Loweruka pamjigo padzakhala mzere wa mudzi wonse.

Nabanda wa ku Santhe

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse ndipo ndikaziwerenga kukomiti Lamulungu. Latsala funso limodzi. Keke ndi ya nsanjika zitatu, ikupangidwa pa Kasungu boma, ndipo kuchoka pamsewu wa tala kufika pakhomo ndi msewu wafumbi wa mabampu. Firiji tilibe. Ifike liti, ndipo tiisunge bwanji?

Namwale Zokongoletsa

Auzeni opangawo lero lomwe kuti ukwati ndi wa panja, mu Okutobala, kopanda firiji. Kirimu wa batala amayamba kufewa kutentha kukapitirira madigiri 30, ndipo mutenti masana kumaposa pamenepo. Pemphani keke ya zipatso zouma yokutidwa ndi fondanti, shuga wokanda uja amamuyala pakeke ngati nsalu. Imakhala masiku osaonongeka. Isachokere mufiriji, chifukwa yozizira ikakumana ndi mpweya wotentha imachita thukuta ndipo mitundu imayenderera.

Nsanjika zitatuzo zibwere padera, iliyonse m'katoni mwake, zidzasanjikizidwe pakhomo ndi wopangayo kapena munthu amene wamuonetsa poika timitengo tochirikiza mkati. Makatoni akhale pansi m'galimoto, pamalo afulati, pa thaulo lonyowa pang'ono kuti asaterereke. Pampando pamapendekera, pamiyendo pa munthu pamatentha. Inyamuke 6 koloko m'mawa Loweruka, ikafika ilowe m'chipinda chozizirirapo cha mbali imene dzuwa la masana siliomba, chitseko chokiya chifukwa cha ana, miyendo ya tebulo ili m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere.

Panja ituluke kutatsala mphindi 20 kapena 30 kuti idulidwe. Miyendo ya tebulo la panjalo ikhale pamatabwa kapena panjerwa, apo ayi imamira mumchenga mbali imodzi. Ikani tambula ya madzi pakati pa tebulo muone ngati madziwo ali ofanana mbali zonse, musanabweretse keke.

Yogulitsa kwa alendo musadalire nsanjikazo, kudula pamaso pa anthu kumachedwetsa mwambo. Itanitsani ina yafulati ya masentimita 30 mbali zonse, yopanda zokongoletsa. Ikadulidwa tizidutswa ta masentimita awiri ndi theka imatulutsa topitirira 120. Tiduliretu m'nyumba m'mawa, tikulungidwe m'timapepala ta patebulo, tiikidwe m'mabeseni ovindikira. Ziwiri zoterozo zikwana.